Chithunzi cha Asuweni pa Windo

"Chimenechi chisatuluke m'nyumba muno, achimwene," anatero Malita. "Chitiputira zina ichi."

Ananena kawiri, kachiwiriko akugwedeza mwana paphewa, koma amuna awiri aja anali atafa kale nalo phwete. Mwamuna wake, Tadeyo, ankamenya tebulo misozi ili chuchuchu. Mlongo wake Clifton, mwini ntchitoyo, anangotsamira filiji, zala zili bii ndi inki, akumwetulira ngati munthu amene wapha njoka anthu akuona.

Patebulopo panali Gwanda, wojambulidwa papepala. Osati Gwanda wa suti uja wopemphera mokweza kutchalitchi, ayi. Uyu anali ndi chimimba ngati mgolo, kumutu wigi yoyera ya azungu akale, atakhala pampando wamatayala wa odwala. Ankamukankha ndi tianthu towonda ngati bango, tovala yunifolomu ya osamalira okalamba. M'dzanja foloko, pafoloko pasipoti. M'chiunomo munalibe buluku: anamumanga chitenje cha chipani chake ngati thewera, ndipo theweralo linali lodzaza.

Clifton ankagwira ntchito ku Dennistoun, kuno ku Glasgow, m'kasitolo ka mayi wina wachikulire, Annette, kodula magalasi ndi kuika zithunzi m'mafelemu. Kumeneko n'kumene anazionera zithunzi zakale zija, za zaka zoposa mazana awiri zapitazo, zimene amisiri ankakanda pamkuwa n'kudinda pamapepala. Chionereni, nkhani yake inali imodzi basi.

"Mfumu yeniyeni, mlamu," ankamuuza Tadeyo, "kuijambula ikudya mazira ngati mphawi. Mwana wa mfumu atakhuta, mabatani akuduka, chimbudzi cha m'nyumba chili pambali pakepo. Nduna yaikulu miyendo ngati udzudzu, ikufinya anthu msonkho mpaka kusanza. Ndiye eni masitolo ankazimata pa windo, anthu n'kumadzazana mumsewu, olemera ndi osauka, kumaseka. Ojambulidwawo ankatuma antchito kukagula zawo. Ife tikuopa chiyani?"

"Amenewo sanali a Gwanda," anatero Malita.

"A Gwanda ndi asuweni athu, iwe. Chisuweni chinathera kuti? Si amakutchula mkazi wawo pamaso pa mwamuna wako yemweyu? Si ananditcha ine chidakwa cha mapensulo pamaliro a amalume, anthu n'kuseka? Msuweni alibe mlandu."

"Chisuweni n'cha pakamwa, achimwene. Mwatukwanizana, mphepo yatenga, kwatha. Ichi n'cha papepala."

Amuna aja anangopitiriza kuseka. Malita anali munthu woti akamva chitseko cha lifiti amaleka kutafuna, ndiye anthu anazolowera kumuyesa wamantha chabe. Koma iye ankadziwa chimene chinamanga nyumba yawo. Gwanda, mwana wa amalume awo, anali ndi kampani yotumiza anthu m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo viza ya Tadeyo inali m'manja mwake. Pa viza imeneyo panapachikika iye ndi kamwana kake, Atupele, kamene kanali kasanayambe n'kukwawa komwe. Clifton yekha ndi amene sankadya za Gwanda.

Loweruka kunali chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, mu holo ina ku Springburn. Gwanda anali wapampando wa nthambi ya chipani chake kuno, ndipo ankafuna kukaima nawo pa chisankho kumudzi. Anaitanitsa mlendo, mkulu wina wa chipanicho, kuti adzaone mmene a ku Glasgow amamulemekezera.

Malita anafika mochedwa, atabereka mwana, atanyamula beseni la mandasi. Ali patali anaona anthu ataunjikana panja, osalowa, ngakhale kunali kamvula kowaza. Clifton anali atachita ndendende monga amisiri ake akale aja: anadinda zithunzi zambiri n'kuzimata m'kati mwa windo lalikulu la holoyo, zitayang'ana kumsewu.

Anthu ankaseka mobisa poyamba, dzanja pakamwa. Kenako namwino wina anati, "Koma mimbayo aitenga ndithu," basi phwete linaphulika. Mafoni m'mwamba. Amene ankaseka kwambiri anali antchito a Gwanda omwe, akulozerana tianthu towonda tija. "Uyu ndiwe uyu, taona mawondo." Ngakhale azungu odutsa ndi agalu awo ankaima.

Galimoto ya Gwanda inaima chapomwepo. Anatuluka iye, kenako mlendo uja, kenako apongozi aamuna a Gwandayo, mkulu wa ndodo amene anabwera kudzaona zidzukulu. Anthu anapatuka. Mlendo anavala magalasi, anayandikira windo, anayang'anitsitsa thewera lija. Ndiye anaseka. Sikunali kuseka kwabwino.

"A Gwanda," anatero, "kodi nsalu yathu kuno mumagwiritsa ntchito chonchi?"

Apongozi aja anangoyang'ana pansi n'kubwerera m'galimoto.

Gwanda naye anaseka, mokweza kuposa onse. Anamukoka Clifton n'kumukolekera mkono m'khosi. "Msuweni wanga uyu, bwana. Chisuweni, mukudziwa kale." Anthu mitima inakhala pansi, ena mpaka kuwomba m'manja. Clifton anamutsinzinira diso mlongo wake, ngati akuti waona? Koma Malita sankayang'ana nkhope. Ankayang'ana dzanja la Gwanda paphewa paja, mmene zala zinalowera mu jekete mpaka nsonga zake kuyera.

Mlendo sanadye. Anachoka nyimbo ya fuko itangotha.

Nyengo imeneyi dzuwa la kuno limakana kulowa. Malita, Tadeyo ndi Clifton anabwerera kufulati kukuwala ngati masana, ana a eni dziko akumenya mpira pansi pa nyumba. Malita anali akusambitsa mwana m'beseni pamene anamva lifiti ikutseguka, kenako nsapato za anthu angapo, zosafulumira.

"Bambo a Atupele, musatsegule."

"Ndi abwana," anatero Tadeyo atasuzumira pakabowo.

"N'chifukwa chake ndikuti musatsegule."

Anatsegula.

Gwanda analowa ndi anyamata awiri amene Malita ankawaona akumuyendetsera galimoto. Anavula chipewa mwaulemu. "Odi kuno. Mkazi wanga, muli bwanji? Asuweni ali kuti, ndidzawathokoze?"

Clifton anatuluka kukhitchini ali ndi kapu ya tiyi. Anayamba kunena kuti, "Aa, asuweni, mwabwera kudzagula chanu," koma sanamalize. Mmodzi wa anyamata aja anamudyetsa chibakera pakamwa, kapu n'kuswekera kukhoma. Clifton anagwa chagada pa kabati, winayo n'kumuponda m'nthiti, kawiri, katatu, ngati akuswa bokosi. Clifton anayesa kudzuka, anagwira felemu imene inali pakhoma, mphatso ya Annette, chithunzi chakale cha nduna ya miyendo ya udzudzu ija. Anamulanda n'kumuswera nayo pamutu. Magalasi anamwazika mpaka m'beseni la mwana.

Malita anamuvuula Atupele m'madzi ali chinyowere, n'kumufungatira pachifuwa. Foni yake inali patebulo, kuseri kwa Gwanda.

"Dzanja lake ndi liti?" anafunsa Gwanda, modekha, ngati akufunsa njira. "Tadeyo, mlamu wako amajambulira liti?"

Tadeyo anali ataima pakona, manja ali lende.

"Ndikufunsa iwe. Unaseka nawo, anthu anakuona. Ndiye lero undithandize. Kapena Lolemba usabwere, upite ukalongosole wekha za mapepala ako."

"Lamanzere," anatero Tadeyo.

"Ligwire."

"Bambo a Atupele," anatero Malita. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. Tadeyo sanacheuke. Anagwada, anagwira mkono wa mlamu wake ndi manja onse awiri, mmene amagwirira okalamba powadzutsa pabedi, n'kuika zalazo pamphuthu ya chitseko cha kukhitchini. Anatsinzina. Zitseko za mafulati amenewa n'zolemera, anazipanga kuti zizitchinga moto. Gwanda anachikankha ndi phewa lonse.

Kulira kwa Clifton Malita anali asanakumvepo chibadwire, ngakhale ali ana. Gwanda anatsegula, anayang'ana, anamenyetsanso. Kachitatu kunalibenso kulira, kunangomveka ngati munthu akuthyola nkhuni zauwisi.

Woyandikana nawo nyumba anagogoda khoma, akukalipa m'Chingerezi chawo chothamanga chija. Gwanda anapukuta thukuta, anakonza tayi, n'kubwera kwa Malita atatambasula manja.

"Tabwera naye kuno mwana wangayu."

Anamuchotsa pachifuwa pa mayi ake monga mmene munthu amazulira chinangwa. Malita anangogwira kaphazi, osakoka, kuopa kumuthyola. Gwanda anamunyamula m'mwamba Atupele, ali maliseche, akulira, anamuyang'ana uku ndi uku. Chala chake chinasiya magazi a Clifton pamimba pa mwanayo.

"Tizala tabwino," anatero, akutitambasula kamodzikamodzi. "Ameneyu asadzatengere amalume ake." Anamubweza. "Mawa kutchalitchi mukakhale kutsogolo nonse. Clifton akaimirira n'kupepesa, inu muli pambali pake. Dzanjalo chitseko chamupana ndi mphepo. Paja chisuweni sichipita kupolisi, si choncho mkazi wanga?"

Anavala chipewa, anatuluka, lifiti inatseka.

Tadeyo anakhala pansi pomwepo, pamagalasi, n'kuyamba kulira. Malita anamudutsa. Anamanga dzanja la mlongo wake ndi thaulo la mwana osaliyang'anitsitsa, chifukwa zala zinali zitaloza kosiyanasiyana. Anatenga foni ya Clifton n'kuimbira Annette. Mayiyo anafika ndi kagalimoto kake, anaona chitseko, anaona Tadeyo. Anangotola chithunzi chakale chija pansi, chitang'ambika pakati, n'kuchiika patebulo. Iye ndi Malita anamutsitsa Clifton mpaka m'galimoto.

"Unanena," anatero Clifton ndi milomo yotupa.

"Khalani chete, achimwene. Akakufunsani kuchipatala mukanene zoona. Za mphepo ayi."

Atakweranso anapeza Tadeyo akusesa. Anali atatulutsa kale suti yake ya kutchalitchi n'kuipachika pachitseko chomwecho.

"Mayi a Atupele, ndikanatani? Ukudziwa pamene tapachikika. Ndachitira iwe ndi mwanayu. Mawa tikangopepesa, zitha. Munthu uja mkwiyo wake sukhalitsa."

"Munalitchula nokha dzanja," anatero Malita. "Mukanati lamanja."

Tadeyo anapitiriza kusesa.

Malita anataya madzi a m'beseni, anatola timagalasi totsalira pansi pake, anathira ena ofunda. Anamusambitsanso Atupele, akupukuta chidindo chofiira chija pamimba mpaka khungu la mwana linachita kufiira lokha. Ankaganiza za mawa: iye pabenchi yakutsogolo, mwana pamiyendo, Gwanda akutembenuka kudzamugwira tsaya anthu akuimba. Ndipo tsiku lina akadzati Tadeyo, gwira uyu, Tadeyo adzatsinzina n'kugwira.

Ku Dundee kunali Vera, mnzake wa ku sekondale, namwino, amene anamuuzapo kuti chitseko chake n'chotsegula. Za viza Malita sankadziwa kuti zikatha bwanji. Mwina akamubweza kumudzi. Anayeza zimenezo mumtima, n'kupeza kuti sizikumuopsa ngati benchi ija.

Anayamwitsa mwana, anamugoneka. Tadeyo anagona pasofa atavala nsapato. Kunja kunali kusanade bwinobwino, ndipo Malita ankadziwa kuti mdima wa mwezi uno ndi waufupi ngati bulangete la mwana. Ukangoti wagona, kwayera. Anatulutsa chikwama pansi pa bedi n'kuyamba ndi matewera. Analembera Annette kuti akachoka kuchipatala adzaime kuseri kwa nyumba, asalize hutala. Kukamacha, suti ija idzapite yokha kutchalitchi. Iye ndi Atupele adzakhala ali pamsewu wa ku Dundee.