Jekete la Sopo Wakale

Fakitale inasintha kapangidwe ka sopo wobiriwira Lolemba, pa 3 Malichi. Dzina linali lomwelo, pepala lokutira lomwelo, kulemera komweko. Pakona pokha ndi pomwe anawonjezera mawu awiri ofiira akuti fungo latsopano. Waya anawaona mawuwo m'mawa koma sanawalabadire. Anali atakhala pa makina odulira sopo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo dzinalo anzake anamupatsa chifukwa waya wa makinawo akaduka ankamulumikiza yekha, osadikira amakanika.

Anaweruka 4 koloko. Mayi woyandikana nawo nyumba, yemwe ankakhala ndi mkazi wodwala wa Waya masana, anamuuza kuti zonse zili bwino n'kupita kukaphikira ana ake. Waya anatunga madzi m'kapu, natenga mapiritsi awiri, nakakhala m'mphepete mwa bedi. Mkazi wake anadzutsa mutu, ananunkhiza kawiri, kenako anadzikokera kukhoma.

"Pepani bambo, mwasochera. Eni nyumba sanaweruke."

Sitiroko inamugwira mkaziyo pa 19 Julayi, chaka chathachi chisanafike. Inamutengera maso, inafoola dzanja ndi mwendo wa kumanzere, ndipo inasokoneza zaka m'mutu mwake moti tsiku lina ankakhala mtsikana wogulitsa nsalu m'sitolo, tsiku lina mayi wodikira mwana kuchokera kusukulu. Mawu a anthu sankawazindikiranso. Akazi ankawalola kumuyandikira, koma mwamuna ayi. Dokotala yemwe ankamupima mwezi ndi mwezi ankachita kuima patali, namwino n'kumagwira ntchito yonse. Mwamuna mmodzi yekha ndi amene ankadutsa, ndipo ankadutsira pamphuno. Waya akalowa, mkaziyo ankanena zimene wakhala akunena chikwatiranireni: "Mwabwera? Kasambeni kaye, mukununkha fakitale." Kale mawuwa anali dandaulo. Ankati fungolo limalowa m'pilo, mu shuga, ngakhale m'tsitsi la mwana. Chidwalireni mkazi wake, Waya anasiya kusamba asanapereke mankhwala.

Tsikulo anayesa kufotokoza kuti ndi iyeyo. Mkaziyo anaseka mwaulemu n'kunena kuti mwamuna wake alibe mawu a nkhalamba choncho. Waya anatchula tsiku la ukwati wawo, anatchula chipatala chimene mwana wawo anabadwira. Anayankhidwa kuti zimenezo aliyense angazimve kwa anthu. Mapiritsi anabwerera m'botolo.

Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Lachitatu m'mawa, Waya ali kubafa, mkaziyo anapapasa khoma mpaka pachitseko kuti athawe mlendoyo, ndipo anagwa pamasitepe atatu a pakhonde. Kuchipatala anamusoka pamwamba pa diso lamanja.

Amene anamutsegula maso Waya ndi Chimphuno, mnzake wa kufakitale wosakaniza mafuta onunkhira, munthu wotsala zaka ziwiri kuti apume pantchito. Lachinayi masana anakhala pansi pafupi ndi Waya akudandaula kuti masiku ano akupanga maswiti, osati sopo. Anati mabwana achotsa mafuta a ng'ombe, achotsa mafuta akuda aja onunkha ngati phula, ndipo m'malo mwa udzu wa mandimu akuthira madzi apinki a m'chigubu chopanda dzina. Waya anaika mkono wa jekete lake pamphuno. Linali fungo lotsekemera, lopepuka, la m'chipinda cha munthu wina.

Anali ndi majekete awiri a kuntchito. Lachiwirilo linali m'kabati yake ya kufakitale kuyambira sabata yomaliza ya Febuluwale, losachapa, chifukwa mabatani awiri anali atathothoka. Analipinda, analiika m'jumbo, namanga pakamwa kawiri. Atafika pakhomo anasamba ndi madzi okha, navala jeketelo, nalowa.

"Mwabwera?" anatero mkazi wake asanafike n'komwe pabedi. Anamufunsa komwe anali masiku onsewa. Anamuuza motsitsa mawu kuti muno mwakhala mukulowa mwamuna wina, wofatsa ndithu, koma wabodza. Anamwa mapiritsi ake, anadya, ndipo anagona dzanja lili pa thumba la jeketelo.

Mkulu wake wa mkaziyo anafika Loweruka pa 8 Malichi, atayenda maola atatu pa basi. Anali mayi wamasiye, wopuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo iye ndi Waya anali atanyozana mwachilamu kwa zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi. Anayang'ana ulusi wa pankhope ya mng'ono wake nthawi yaitali. Kenako anatuluka, napeza Waya kukhitchini, namuuza kuti akumutenga wodwalayo. Kwawo kunali ana aakazi awiri ndi mpongozi, manja okwanira usana ndi usiku. Waya anamuonetsa jumbo ija n'kufotokoza zonse mwadongosolo, ndi masiku ake.

"Ndiye alamu, mng'ono wangayu anakwatiwa ndi inu kapena ndi jekete?"

"Jekete linali pa ine, alamu."

"Nanga likatha fungo mudzavala chiyani? Fakitale?"

Sanaseke aliyense. Mlamuyo anawerenga masabata pa kalendala ya pakhoma n'kuika chala pa 26 Epulo. Anati adzabwera tsiku limenelo ndi galimoto ya mwana wake. Akadzapeza mng'ono wake akumudziwa mwamuna wake, adzamwa tiyi n'kubwerera. Akadzapeza zina, sipadzakhalanso zokambirana.

Waya anayamba kuligawa jeketelo ngati mankhwala. M'mawa mphindi khumi, zoperekera mapiritsi ndi kumuperekeza kuchimbudzi. Madzulo mphindi makumi awiri, za chakudya ndi kumupukuta thupi. Akatero ankanena kuti akubwerera kuntchito, n'kutuluka, n'kulivula msanga thukuta lisanalowe, n'kumanga jumbo. Nthawi yotsalayo ankakhala pabalaza wopanda nsapato, osatsokomola, osatsegula wailesi, ngati wakuba m'nyumba yake yomwe. Ankagona pampando wautali, chitseko cha kuchipinda chili chotsegula pang'ono.

Fungo linkachepa, ndipo iye ankaliyeza ndi mtunda. Sabata yoyamba mkaziyo ankamudziwa ali pachitseko. Pa 20 Malichi anamudziwa atafika pabedi. Mwezi ukutha ankachita kumukoka ndi dzanja lake labwinolo n'kuika mphuno pa kolala.

Loweruka lililonse m'mawa Waya ankayenda m'timagolosale ta kumapeto kwa tauni, komwe katundu amachedwa kutha. Ankatembenuza sopo aliyense wobiriwira kuyang'ana pakona. Ogulitsa ena ankamuseka, ena ankamukakamiza watsopano ponena kuti ndi yemweyo, wangokoma. Pa masabata atatu anapeza mitanda khumi ndi umodzi yakale, ina yoduladula, youma ngati nkhuni.

M'sitolo ina yogulitsa mafuta odzola anaona kabotolo ka perefyumu ka chivindikiro chabuluu. Anakazindikira ali panja. Mkazi wake ankadzola ameneyu pamene ankagulitsa nsalu, kadontho kuseri kwa khutu lililonse, ndipo fungo lake linkasakanikirana ndi la nsalu zatsopano. Masiku amenewo Waya anapita kusitolo ya nsaluyo kanayi kukagula mamita awiri a nsalu imene sankaifuna, mpaka mtsikanayo anamufunsa ngati akutsegula sukulu ya utelala. Kabotolo komaliza kanatha mwana wawo ali ndi zaka zisanu, ndipo sanagulenso kena. Tsopano wogulitsa anamufayira pang'ono padzanja. Waya ananunkhiza, anadikira, ananunkhizanso. Munalibe nsalu, munalibe mtsikana. Linali fungo la mankhwala amene amafayira m'chimbudzi cha mabwana kufakitale. Wogulitsayo anati ndi yemweyo, agogo, onani dzina. Waya anathokoza n'kupukutira dzanja pathalauza.

Sopo wakale uja anamukwecha pa jekete latsopano mpaka linasanduka lobiriwira m'mapewa. Atalowa nalo, mkazi wake anangofunsa kuti wachapa ndani, kenako anapempha mlendoyo kuti akadikire panja. Waya anamvetsa. Chimene mkaziyo ankachidziwa sichinali sopo wa m'sitolo. Chinali nthunzi ya sopo wotentha, girisi wa makina, ndi thukuta la maola asanu ndi atatu.

Anakamuuza Chimphuno zonse. Chimphuno anamvetsera mpaka kumapeto, anamutcha chitsiru chifukwa chosanena msanga, kenako anapempha mitanda inayi. Lachisanu pa 11 Epulo, nthawi ya nkhomaliro, anaisungunula m'chitini pa paipi yotentha kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Anathiramo madontho a mafuta a udzu wa mandimu amene anatsala pansi pa botolo lakale. Mafuta akuda aja panalibe. Fakitale inali itabweza migolo yomaliza mu Malichi. Anapachika jekete latsopano pa nthunziyo theka la ola, analipaka girisi m'mikono, namuuza Waya kuti alivale mpaka poweruka. Atalinunkhiza komaliza anati pa zinthu khumi apeza zisanu ndi zitatu, ndipo mphuno ya munthu wamba singasiyanitse.

Madzulo amenewo mkaziyo sanadzikokere kukhoma. Anatambasula dzanja, anagwira mkono wa jeketelo, naukokera kumphuno. Ananunkhiza nthawi yaitali kuposa kale lonse. Kenako zala zija zinamasuka chimodzichimodzi.

"Zovala za mwamuna wanga mwazitenga kuti?" anafunsa motsitsa. "Mwamutani? Ndiuzeni, mwamutani?"

Anayamba kulira maliro, mokweza, kuitana mayi ake amene anamwalira kalekale. Mayi woyandikana nawo uja anathamangira ali ndi sopo m'manja. Waya anatuluka, anatsegula jumbo, navala jekete lakale, koma mkaziyo sanalole kuti mwamuna aliyense adutse pachitseko, ndipo fungolo silinkafikanso pabedi. Loweruka sanadye. Lamulungu anamwa tiyi theka la kapu, ndipo namwino atabwera kudzamuyeza anapeza magazi akuthamanga kuposa tsiku lililonse chichokereni m'chipatala.

Tsiku lomwelo, 3 koloko masana, Waya anaimbira foni mlamu wake. Anamuuza kuti asadikire pa 26. Abwere Loweruka likudzali. Mlamuyo anafunsa ngati iye mwini wadya. Waya anati wadya.

Masiku asanu otsatirawo mayi woyandikana nawo ankagona kuchipinda ndi wodwalayo, ndipo jumbo sinatsegulidwe. Waya analongedza masutikesi awiri. Analemba papepala dzina la piritsi lililonse ndi nthawi yake, tsiku lokaonana ndi dokotala, mbali imene mkaziyo amagonera, ndiponso kuti kapu azimupatsira kudzanja lamanja.

Galimoto inafika pa 19 Epulo, 9 koloko itangodutsa. Mlamuyo anamusambitsa mng'ono wake, anamuveka diresi la maluwa, namutulutsa mpaka pakhonde. Pamenepo mkaziyo anagwira mzati n'kukana kutsika. Anati sangachoke panyumba mwamuna wake asakudziwa. Mkulu wake anamunyengerera, anamukalipira ngati mwana wasukulu, anamulonjeza kuti uthenga ausiya. Sizinathandize. Patatha theka la ola mlamuyo anatembenukira kwa Waya, yemwe anaima chete pafupi ndi mpanda.

"Alamu, kavaleni."

Waya anamasula jumbo kukhitchini. Iye mwini sanamve kanthu m'jeketelo kupatula pulasitiki. Anavala, anakwera masitepe atatu aja, naweramira pafupi ndi nkhope ya mkazi wake. Mkaziyo anasiya mzati. Anapapasa mpaka anapeza kolala, anaitembenuza, naika mphuno mumsoko wa mkati. Anthu onse pabwalo anaima.

"Mwabwera," anatero. "Anandiuza kuti munafa."

"Ndilipo, mayi."

"Mwaonda."

Waya anamuuza kuti apite ndi achemwali akewo, akapume kumeneko. Kuntchito kwachuluka zochita ndipo sakufuna kuti azikhala yekha. Mkaziyo anafunsa ngati adzabwera kudzamuona. Waya anati adzabwera. Pamenepo anavomera, koma anamuchenjeza kuti azikhoma chitseko, chifukwa munthu uja amalowa ngati kwawo.

Anatsika masitepe limodzi, pang'onopang'ono. Waya anamukhazika kumpando wakumbuyo, anakweza mwendo wofookawo, namumanga lamba. Atafuna kudzuka anapeza kuti dzanja lamanja la mkaziyo lakunga mkono wa jekete, ndipo nkhope yake yatsamira pamenepo. Anayesa kumasula chala chimodzi. Dzanjalo linakunga kwambiri. Mlamu wake anamuyang'ana kuchokera mbali inayo ya mpando.

Waya anaganiza za ulendo wa maola atatu, ndi za nyumba yachilendo imene inali kumapeto kwake. Anaganizanso kuti m'msoko uja mwina munatsala fungo lokwanira ulendo umodzi wokha wokamuona. Anamasula mabatani atatu otsalawo, anatulutsa dzanja lamanzere, kenako anasolola lamanja pang'onopang'ono, nabwerera m'mbuyo. Mkaziyo anakokera jeketelo pachifuwa pake.

Galimoto inanyamuka 10 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Waya anaima pamsewu ali ndi vesiti yokha mpaka inakhota. Mayi woyandikana nawo anamufunsa ngati abwerenso Lolemba m'mawa. Iye anati ayi, zikomo, Lolemba nyumba idzakhala yokhoma.