Penti pa Kabati ya Apongozi

Apongozi anga anavomera kusamukira kwathu atatiuza chinthu chimodzi chokha: kumene akupita iwo, kabati yawo ikupitanso. Mawondo anali atawatha, moti kuwasiya okha m'chinyumba chija kunali kungodikira tsiku loti adzagwe m'bafa popanda wowadzutsa. Ana awo anawanyengerera mpaka malovu kuuma m'kamwa, koma yankho linali lomwelo: kabati ikakwera lole, iwonso akwera galimoto.

Kabati imeneyi ine ndinkadana nayo, ndipo sindibisa. Chinali chimphona chakuda cha matabwa olemera, magalasi kumtunda, madilowa kumunsi, miyendo yosemedwa ngati mapazi a galu wonenepa. Apongozi anawasiyira ndi bambo awo, amenenso anaigula itakalamba kale. Thupi lonse linali zipsera zokhazokha, apa pokandika, apo popsa ndi simbi yositira, pena pobooka ndi msomali. Chikwatiwire m'banja limeneli, chala changa chakuphazi chakhala chikukumana nayo mwendo ndi mwendo, ndipo sichinapambanepo. Tsono imabwera kudzakhala pabalaza panga, pamalo pamene ndinkasungira sofa. Popemphera sindinkapempha kuti igwe pa lole ayi. Ndinkangowauza Mulungu kuti ikagwa sindidzawafunsa mafunso.

Onyamula katundu atabwera kudzaona ntchito, mkulu wawo anaizungulira kabati ija, n'kuigogoda, n'kupukusa mutu. Anati zakale zotere amanyamula, koma zikasweka panjira iwo sayankhapo, ndiye tipeze inshuwalansi. Amuna anga anaimbira kampani ina, ndipo mayi wa kumeneko anafotokoza kachitidwe kawo. Abwera m'mawa wa tsiku losamuka, aijambule kabatiyo mbali zonse kuti zipsera zakale zidziwike, ayese mtengo wake, kenako onyamula aikulunge ndi mabulangete iye akuona. Ikakafika ndi bala latsopano, kampani ilipira.

Cholakwa cha amuna anga chinali kukafotokozera zimenezi akulu awo. Alamu angawa tonse timawatchula kuti a Injiniya, ngakhale kusukulu ya uinjiniya anangodutsako pa basi. Ndi munthu wamtima wabwino, ndipo mtima wabwinowo unatiphera kale wailesi, firiji ndi mpope wa kukhitchini. Pa zonse zimene mng'ono wawo ananena, iwo anatolapo zoyesa mtengo basi. Sabata imeneyo apongozi ankagona kwathu mongoyembekezera chifukwa cha masiku a kuchipatala, ndipo makiyi a nyumba yakale anali m'thumba mwa a Injiniya.

Tsiku losamuka tinafika kunyumba yakale limodzi ndi lole. Apongozi anayamba atsala m'galimoto, kukambirana ndi mawondo awo za kutsika. Ife fungo la penti linatichingamira tikadali pageti. Pabalaza, pakati pa makatoni, panaima kabati yofiirira, yonyezimira ngati nsapato yatsopano. Zipsera zonse zinali zitapita. Zogwirira zamkuwa zija kunalibe, m'malo mwake munali zapulasitiki zooneka ngati golide. A Injiniya anaima pambali manja ali m'chiuno, penti ili m'zikhadabo.

"Mlamu, mwaiona ntchito?" anandifunsa. "Sabata yonse ndakhala ndikuikwecha. Mabowo onse ndamata. A inshuwalansi akaiona chonchi, mtengo wake uboola denga."

"Achimwene, amayi munawauza?" amuna anga anafunsa motsitsa mawu.

"Ndikanawauza bwanji? Ndikufuna adzadzidzimuke."

Kunena zoona, kwa ine inkaoneka bwinoko. Ndinayamba kuganiza kuti mwina alendo akabwera sindidzafunika kuiphimba ndi nsalu.

Mayi wa inshuwalansi anafika nthawi yomweyo, wamfupi, wovala magalasi, katochi kali m'manja. Anaiyang'ana kabati ija kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anatsegula dilowa imodzi, n'kuunika m'kati, n'kununkhiza.

"Pafoni munandiuza kuti ndi yakale," anatero.

"Yakale kwambiri, mayi," a Injiniya anayankha. "Kungoti ndaibwezera unyamata."

"Mwapaka penti yanji?"

"Ya mageti. Imeneyi dzimbiri siliyandikira."

Mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Ndinaona kuti akusankha mawu oti asachotsedwe nawo ntchito.

"Bambo, chinthu chakale mtengo wake uli pa ukalewo. Okonda zakale amafuna mtundu wake womwewo, zogwirira zake zomwezo, ngakhale zipsera zake zomwezo. Mmene ililimu ndingoilemba ngati kabati wamba. Nanga zogwirira zamkuwa munaika kuti? Mwina tikazibwezera tingapulumutseko kena kake."

"Zinali zitada," a Injiniya anatero. "Ndinapatsa ogula zitsulo."

Ine ndinakabisa nkhope kuseri kwa katoni ya mbale, mapewa akugwedezeka. Onyamula katundu anayamba kuyang'ana kudenga ngati kuli nkhani. Amuna anga anakhala pansi pa chidebe. Ndinali ndikupukuta misozi ya kuseka pamene ndodo ya apongozi inagogoda pakhomo.

Sanakuwe, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Anayenda molunjika, osayang'ana magalasi kapena zogwirira zagolide zija. Anafika pa ngodya ya kumanzere, m'munsi, pamene dilowa yomaliza imathera.

"Mpongozi, ndigwireni ndigwade," anandiuza.

"Amayi, mawondo."

"Ndigwireni."

Ndinawagwira m'khwapa mpaka anafika pansi. Anayamba kupapasa ngodya ija ndi nsonga za zala, uku ndi uku, ngati munthu wofuna singano pamphasa. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo wamkulu.

"Mano a mwana wanga ali kuti?"

Tonse tinkadziwa kuti a Injiniya asanabadwe kunali mwana wamkazi amene anamwalira akadali khanda, koma nkhani yake m'banjamo sinkakambidwa. Apongozi anapitiriza kulankhula akuyang'ana thabwa.

"Mano atayamba kumuyabwa, ankakwawa kudzagwira pano, n'kuimirira, n'kumaluma. Ndinkamumenya timbama ta pa thewera kuti asiye, iye n'kumaseka. Panali timabowo ting'onoting'ono, tiwiri pamwamba, tiwiri pansi. Chithunzi chake ndilibe. Tinkati tidzamujambulitsa akayamba kuyenda."

A Injiniya anatsegula pakamwa, ndipo ndinapemphera kuti atseke. Sanatseke.

"Amayi, ine ndimayesa ndi makoswe."

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Zaka zonsezi ndinkaona apongozi akuwerama kupukuta okha ngodya imeneyi, osalola wantchito kapena mdzukulu kuikhudza, ndipo ndinkauza anzanga kuti ndi ukhondo wa anthu osowa chochita. Ndinapita pa katoni ya kukhitchini, ndinang'amba tepi, n'kutulutsa kampeni kosendera mbatata. Ndinagwada pambali pawo.

"Mayi," anatero wa inshuwalansi mwaulemu, "mukapala pamenepo ndisanajambule, likhala bala lakale. Kampani sidzalipira."

"Mudzajambule ndikamaliza," ndinamuyankha.

Anandiyang'ana, kenako anagwada nayenso n'kundiunikira ndi katochi kake.

Penti ya mageti sichoka mwaulemu. Inkamatirira kumpeni, ina n'kumalowa m'zikhadabo. Ndinkapala pang'onopang'ono, ndikudziuza kuti munthu amene anakonza mpope wathu n'kuusiya ukudontha kuposa kale sangakhale atakwecha mpaka pansi. Mwina anangomata timabowoto, ndipo zomatirazo ndizikolowola ndi nsonga ya mpeni. Apongozi ankapuma pafupi ndi khutu langa. Amuna anga anabwera kudzaima kumbuyo kwathu, ndipo a Injiniya anali atasiya kugwira m'chiuno.

Penti inatha, panatuluka thabwa loyera. Ndinapala kumtunda, ndinapala kumunsi, ndinazungulira ngodya yonse. Panalibe zomatira, panalibe bowo. Ngodyayo anaikwecha mpaka kuibunthitsa, yosalala see. Pa ntchito zonse zimene alamu anga anagwirapo pamoyo wawo, imeneyi yokha ndi imene anaigwira bwino.

Apongozi anapapasanso kamodzi ndi chala chachikulu, n'kuchotsa dzanja.

"Basi, mwanawe. Ndidzutseni."

Tinawadzutsa ine ndi amuna anga, wina uku wina uku. Mkulu wa onyamula katundu anayandikira, bulangete lili paphewa, chipewa chili m'manja.

"Amayi, tiikulunge?"

"Funsani amene anaipakayo," anayankha apongozi. "Yanga ija muno mulibe."

Anatenga ndodo yawo n'kutuluka. Anakakwera galimoto okha, popanda wowanyengerera, n'kukhala mpando wakumbuyo chikwama chili pamiyendo, kudikira kuti tiwatengere kwathu.