Tebulo la Anthu Anayi

"Mezani awiri, limodzi siligwira msanga," anatero Darlene atatambasula dzanja.

Anali m'galimoto pafupi ndi doko la Galveston, sitima yapamadzi itaima patsogolo pawo, yoyera mbee, yaitali kuposa nyumba zonse za m'mbali mwa dokolo. Wendell, mwamuna wake, anangoyang'ana mapiritsiwo osawalandira. Kuhotela anagona akunjenjemera, ndipo kutacha chipumi chake chinali chikadali chotentha.

"Darlene, pachipata paja akuyeza anthu kutentha thupi. Sakuchita zamasewera ayi."

"N'chifukwa chake ndikuti mezani. Ndi chimfine wamba ichi. Inu chimfine chikangokukhudzani mumayamba kugawa chuma cha masiye."

"Nanga ukakhala mliri wavuta dziko lonsewu?"

"Mliri muutenge kuti, munthu woti ulendo wanu ndi wochoka pampando kupita ku firiji?"

Wendell anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa. Anameza mapiritsi aja. Darlene anatulutsa botolo la madzi oundana n'kumugwiritsa pachipumi mpaka khungu linazizira.

Tisamunamizire Darlene, sanali munthu woipa mtima. Wendell anakalamba akuyendetsa malole ndipo dziko analiona lonse. Mkazi wake anathera moyo wake m'khitchini ya sukulu ku Shreveport, nyanja akuionera pa kalendala. Ulendowu anaulakalaka kuyambira ali mtsikana. Posungitsa malo, mayi wogulitsa matikiti anamulangiza kuti atenge inshuwaransi yokwera mtengo, imene imabweza ndalama munthu akalephera ulendo pa chifukwa chilichonse. Darlene anati kumeneko n'kutaya ndalama m'madzi, natenga yotchipa, imene za mliri sinkazidziwa n'komwe. Tsono kubwerera kunali kutaya zonse. Komanso kutchalitchi kulibe amene anali asanamve za ulendowu, diresi la buluu lovala pa chakudya chamadzulo anali atalionetsa kwaya yonse.

Pachipata namwino analoza kachipangizo kake pachipumi cha Wendell, kanalira bwino.

"Alipo mwa inu amene watentha thupi kapena kutsokomola masiku apitawa?"

"Palibe," anayankha Darlene mwamuna wake asanatsegule pakamwa.

Madzulo anawakhazika pa tebulo la anthu anayi, lomwe linali lawo ulendo wonse, ndi anthu omwewo tsiku lililonse, monga zimakhalira m'sitima zimenezi. Anapezapo banja lachikulire la ku Lufkin, bambo Hollis Beckworth ndi akazi awo mayi Opal. Bambo Hollis anali ndi timapaipi m'mphuno, tolumikiza ku kamakina ka mpweya komwe anakakoleka pampando.

"Musaope, sindiphulika," anatero. "Fakitale ya mapepala inadya mapapo anga, makutu inatengera ndiwo. Mukafuna kundinena, nenani momasuka, sindimva."

"Amamva akafuna," anatero mayi Opal. "Tchulani keke muone."

Anaseka onse. Msuzi utangofika, Wendell anatembenuka n'kutsokomolera m'kansalu kopukutira pakamwa, chifuwa chochokera pansi penipeni. Mayi Opal anaika sipuni pansi.

"Mwana wanga, usandione ngati wamwano," anauza Darlene. "Ukuwaona amuna angawa. Adokotala awo sanakondwe ndi ulendowu, ana athunso anatiletsa, ine ndi amene ndinakakamira. Ndiuze zoona, chifuwa cha bambowa si matenda?"

Darlene anawayang'ana m'maso. "Ayi mayi, ndi chifuwa cha fodya. Anasiya kalekale, koma chifuwacho sichinamvebe kuti anasiya."

Bambo Hollis anawerama kuti anong'oneze akazi awo, koma kunong'ona kwa munthu wovutika kumva kumafika tebulo lachitatu.

"Opal, bwanji tikapemphe tebulo lathu tokha?"

"Aa, a Hollis, si ulemu umenewo. Mwamva kuti ndi fodya. Idyani."

Wendell anakhala chowerama, akutakasa msuzi womwe sankamwa. Darlene anafunsa mayi Opal za zidzukulu zawo, nkhani n'kupita kwina.

Chopweteka n'chakuti Wendell anachira. Thupi linasiya kutentha, chilakolako cha chakudya chinabwerera, chifuwa chinatsala chapatalipatali. Darlene anapuma, n'kumati si mwaona, chinali chimfine. Koma nyanja imene anailirira moyo wake wonse sinamukomere. Ankaima m'mbali mwa sitima kuyang'ana madzi, maganizo ali pa tebulo lija.

Ndipo pa tebulopo chibwenzi chinakula msanga. Bambo Hollis anapeza munthu wodziwa misewu yonse ya ku Texas, moti sankamusiya Wendell. Popeza samamva bwino, ankakokera mpando pafupi n'kutchera khutu pakamwa pa mnzawoyo, mitu itagundana, akukangana za malo okoma kuwedza nsomba. Darlene ankaona mpweya wa mwamuna wake ukugwedeza tsitsi loyera la mkuluyo, n'kusiya kudya. Kawiri konse anayesa kusintha malo okhala, koma mayi Opal anamugwira dzanja.

"Asiye anyamatawo. A Hollis ndinawamva liti akuseka chonchi? Iwe khala pafupi ndi ine. Ndinabereka amuna okhaokha, ndilawe nawo kukhala ndi mwana wamkazi."

Tsiku lovala bwino, mayiwo anavula mkanda wawo wa ngale n'kumuveka Darlene m'khosi. Anati diresi la buluu lopanda mkanda likuoneka lamasiye, adzabweza ulendo ukatha.

Sitima itaima pa doko loyamba ku Mexico, azimayi awiriwo anatsika kupita kumsika, amuna awo atatsala m'sitima. Kunatentha koopsa. Mayi Opal anatsitsa masiki awo otchinga pakamwa ndi mphuno kuti apume bwino ponenerera mtengo wa chipewa chaudzu chomwe ankagulira amuna awo. Madzulo ake bambo Hollis anadya atavala chipewacho, akuti tsopano aoneka ngati munthu wa ndalama, ngakhale anasiya nyama yawo theka n'kumati akumva kuzizira.

Tsiku lotsatira mipando iwiri inali yopanda anthu.

Woperekera zakudya anabwera kudzachotsa mbale ndi matambula a mbali imeneyo. Wendell atamufunsa, anangoti bambo aja sakupeza bwino, ali kuchipatala cha m'sitima. Asanamalize kudya, mawu a kaputeni anamveka m'masipika. Anati anthu angapo apezeka ndi matenda aja, ndipo aliyense amene anamvapo kutentha thupi kapena chifuwa, ngakhale asanakwere sitima, aimbire kuchipatala ali m'chipinda mwake.

Atalowa m'chipinda, Wendell anapita molunjika pa foni. Darlene anafika msanga n'kuikapo dzanja.

"Mukufuna kuwauza chiyani?"

"Zimene kaputeni wafunsa."

"Inu mwachira. Mukanena kuti munadwala tisanakwere, atitsekera muno mpaka ku Galveston. Inshuwaransi ija siilipira matenda amene munthu anakwera nawo, ndiye chilichonse chimene adokotala angachite chidzakhala pamutu pathu. Komanso tinanama pachipata. Mukudziwa chimene angatichite?"

"Tinanama?"

"Mapiritsi aja ndinameza ndine?"

Wendell anakhala pabedi. Mawuwo anamulasa chifukwa anali oona.

"Ndinameza ndine," anatero. "Ndinakhalanso chete mayi aja akufunsa. Sindikudzichotsamo ayi. Koma iwe, Darlene, walira mvula walira matope. Mvula tinaifuna tonse, matope ndi awa."

"M'sitima muno muli anthu miyandamiyanda. Mukudziwa bwanji kuti ndi inu?"

"Sindikudziwa. Iwe ukudziwa kuti si ine?"

Darlene dzanja sanalichotse pa foni. Wendell anagona atatembenukira kukhoma. Mu ukwati wawo wonse anali asanamuumirizepo mkazi wake chinthu, ndipo tsiku limeneli ulemu wakewo unali mantha basi.

Kutacha sitima inali itakocheza ku Cozumel, doko lina la ku Mexico. Darlene anali akuvula mkanda uja, womwe anagona nawo osadziwa, pamene foni inalira.

"Darlene, mwana wanga, ndine Opal." Mawu awo anali osasa. "Mwadzuka bwanji kumeneko? Bambo aja ali bwanji?"

"Tadzuka bwino, mayi. Nanga bambo Hollis?"

"Sali bwino. Kamakina kawo kaja sikakukwanira. Akutitsitsa konkuno, akuti apite kuchipatala cha kumtunda. Ine chinenero cha kuno sindichidziwa, inshuwaransi yathu akuti aiona kaye, ana sakuyankha foni. Koma si zimene ndaimbira." Anapuma. "Ndaimba kuti ndipepese."

"Mupepese chiyani, mayi?"

"Ndine ndawatengera matendawa. Kumsika kuja ndinavula masiki, iwe unaona. Chifukwa cha chipewa. Ndinawakokera paulendo womwe sankaufuna, kenako ndawabweretsera imfa m'manja mwangamu. Ndipo madzulo ake tinadya nanu, ine n'kumakugwiragwira. Amuna ako ali kale ndi chifuwa cha fodya chija, akadwala zidzawavuta. Kayezetseni, chonde. Sindinagone poganiza kuti ndapweteka ndi inu omwe."

Darlene anayang'ana mkanda uli m'dzanja lake. Njira inali yotseguka. Akanangoti musadandaule mayi, Mulungu alipo, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo mayi wokalambayo akanasenza mtolowo mpaka kumanda. Wendell anali atadzuka, atakhala m'mphepete mwa bedi, akumva zonse.

"Mayi, si inu," anatero Darlene.

"Usanditonthoze, mwana wanga."

"Sindikukutonthozani. Sichinali chifuwa cha fodya. A Wendell sanasutepo fodya chibadwire. Anatentha thupi tisanakwere sitima, ine ndinawamwetsa mapiritsi kuti adutse pachipata. Munandifunsa, ndinakunamizani."

Mu foni munangomveka phokoso la anthu akukoka zinthu, ndi kulira kwa makina ena ake chapatali. Darlene anadikira kuti atukwanidwe. Akanakonda kutukwanidwa.

"A Hollis anapempha tebulo lina," anatero mayi Opal potsiriza, mawu ali pansi. "Munawamva."

"Ndinawamva."

"Ine ndinawakaniza. Ndinati si ulemu."

"Pepani, mayi. Pepani kwambiri."

"Pepani sapoletsa chilonda, mayi Pruitt." Aka kanali koyamba kumutchula ndi dzina la mwamuna wake. "Mukawauze adokotala zimene mwandiuzazi. Pali enanso amene mwakhala nawo pafupi."

"Nanga mkanda wanu? Ndiupereke kwa ndani?"

"Ukhale komweko. Sindingathe kuuvalanso."

Foni inaduka.

Chipinda chawo chinali ndi kawindo koyang'ana ku doko. Patapita kanthawi anaona amuna ovala zoyera akutsika ndi machira, ambulansi ikudikira kumapeto kwa mlatho. Pambuyo pawo pankabwera mayi Opal okhaokha, akukoka chikwama ndi dzanja limodzi, dzanja linalo litagwira chipewa chaudzu. Anayenda pang'onopang'ono, ndipo sanacheuke kuyang'ana sitima. Mbali ina ya mlathowo anthu ovala makabudula ankatsika akuseka, kupita kukasambira.

Wendell anatambasula dzanja kuti atenge foni.

"Ayi, ndipatseni," anatero Darlene. "Pachipata paja anayankha ndine."

Anaika mkanda uja patebulo, n'kuimba nambala ya kuchipatala. Namwino atafunsa kuti wodwalayo anayamba liti kumva kutentha thupi, Darlene anayambira kuhotela ya ku Galveston, ndipo sanadumphe botolo la madzi oundana.