Chipale M'mlatho wa Denga

Mphero yatsopano inafika pamlatho dzuwa litakwera, ili pachilei, ngolo yopanda magudumu, chokokedwa ndi ng'ombe zinayi. Pomwepo inaima.

Elkanah Tibbetts, mwini chigayo, anasuzumira m'katimo. Matabwa anali ouma gwaa. Denga lomwe linkateteza mlathowo kuti usawole linkatchinganso chipale chofewa chogwa m'nyengo yozizira, ndipo chilei sichiyenda pouma. Nkhalamba yomwe inkathiramo chipale chaka ndi chaka anali ataiika m'manda mwezi wapitawo, ndipo palibe anakumbuka ntchito yake.

Kutsidyako chigayo cha madzi chinali chete chiswekereni mphero yakale. Mphepo inali itayamba kufunda, madenga akudontha. Mwalawo ukanapanda kuwoloka tsikulo, msewu ukanasanduka matope, chigayo n'kugona chaka chinanso.

"Ndiye titani, a Tibbetts?" anafunsa Jotham, mwini ng'ombe. "Tiutsetseretse padazi lanulo, poti n'loterera kale?"

Elkanah anayang'ana uku ndi uku. M'mbali mwa msewu chipale chinali chitasungunuka. Anavula chipewa n'kuweramitsa mutu kupemphera, milomo yokha ikugwedezeka.

Podzutsa maso anaona Mayi Huldah, mkazi wamasiye wa nkhalamba ija, akutsetsereka ndi beseni lochapiramo. Anakhuthula chipale pamatabwa.

"Kuseri kwa tchalitchi dzuwa silifikako," anatero mayiwo. "Amuna anga ankatapa kumeneko. Mwaimiranji ngati zitsa? Iwe Jotham, pakamwa pakopo pakanakhala fosholo bwenzi titamaliza."

Anthu anaphulika kuseka, n'kubalalika. Anabwerera ndi ndowa, madengu, ena miphika. Abusa ananyamulira m'jekete lawo. Elkanah anaona zala za Mayi Huldah zitafiira psuu ndi kuzizira, ndipo anaika magolovesi ake pabeseni.

Mizere iwiri yoyera ya chipale itafika kutsidya, Jotham anakuwa. Ng'ombe zinaweramira m'goli. Chilei chinalira, chinagwedezeka, kenako chinayenda, mlatho wonse ukunjenjemera. Chitatulukira powala kutsidyako, belu la tchalitchi linalira popanda wofunsa kuti waliza ndani.

Sabata isanathe gudumu la chigayo linazungulira, ufa wofunda n'kugwera m'manja mwa Elkanah. Thumba loyamba analisenza yekha kupita nalo kwa Mayi Huldah.

"Fosholo ya malemu ija ilipo, mayi?" anafunsa ali pakhomo. "Chaka chamawa ndidzathira ndine."

"Ili kuseri kwa chitseko. Mpini wake umabaya m'manja." Anamubwezera magolovesi aja. "Mudzawafuna."