Kagalimoto Kofiira ka Mkamwini

Amene analakwira a Sipanala ndi mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wachisamba, ndipo anawalakwira Loweruka lina chaka chatha, m'galaja yawo yomwe, anthu akumva.

Sipanala linali dzina lapantchito. Mkuluyu anakalambira pansi pa malole ndi maminibasi, ndipo chuma chake chenicheni chinali mbiri yakuti injini imene wagwira iye siibwerera. Mkamwiniyo anali wa mu ofesi, manja osalala ngati sopo. Atakwezedwa pantchito anagula kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kogwada pansi ngati kamba, n'kubwera nako kudzaonetsa.

"Bambo, kwerani mumve," anatero.

"Kabokosi aka? Ndiika kuti maondo?"

Anakwera monyinyirika. Atapitirira mafakitale, pamene msewu umawongoka, mkamwini anaponda moto. Poyamba sipanachitike kanthu. Kenaka kunamveka kamluzu kakang'ono kutsogolo, ndipo chinthu china chosaoneka chinawakankhira a Sipanala kumpando, mpweya n'kuwathera. Mapolo a magetsi ankadutsa ngati mano a chipeso. Iwo amene ankadziwa injini iliyonse ndi khutu anangoti kukamwa yasa. Mphamvu ya lole yathunthu, m'kanthu koti anthu anayi n'kukasuntha!

Atabwerera m'galaja, mkamwini anazimitsa injini nthawi yomweyo. A Sipanala anatsegula boneti. Kuseri kwa injini, mumthunzi, kunali kachitsulo kopindika ngati nkhono, katafiira psuu ngati khala. Imeneyo ndiye inali tebo, kachipangizo kamene kamazunguzidwa ndi utsi wotuluka n'kumakankhira mpweya mu injini. Za m'malole ankazidziwa, zikuluzikulu zaulesi. Chitsulo choyaka moto chonchi koma osasungunuka anali asanachionepo. Anavula chipewa osazindikira.

"Akamwini, chinthu ichi n'chaulemu wake," anatero motsitsa mawu. "Mukathamanga chonchi musamazimitse pompo. Muziisiya injini ilire kaye mphindi ziwiri, oyilo azizungulira, kazizire. Mukazimitsa kakadali kotentha, oyilo amapsera m'kati."

Mkamwini anaseka. "Ilire chabe nditaima? Petulo wake mugula ndinu, Bambo? Izitu si zimalole zanu zija. Izi zimaganiza zokha."

Kagalimotoko kankadyadi ngati mlendo wosatsanzika. Petulo kankafuna wodula yekha. Matayala akutsogolo anaperepeseka miyezi isanu ndi umodzi isanathe, ndipo limodzi lokha linkaposa zimene a Sipanala ankapeza pa sabata. Kilachi inayamba kununkha. Mwana wawo anasiya kutchula za filiji imene ankafuna kugula. Itakwana nthawi yosintha oyilo, mkamwini anamva mtengo wa kwa ogulitsa galimotozo n'kukumbukira kuti ali ndi apongozi.

A Sipanala sanakhulupirire chigubu cha oyilo chimene mkamwini anabweretsa, poti chinalibe chidindo. Anapita okha kusitolo, n'kugula oyilo wopyapyala wolembedwa m'buku la galimotoyo, ndi sefa yatsopano. Anasamba m'manja kawiri asanagwire injiniyo, chinthu chimene sanachitirepo lole iliyonse.

Patatha masabata atatu kagalimoto kanabwera kokokedwa ndi chingwe. Linali Loweruka lija, galaja itadzaza madalaivala a maminibasi odikira mabuleki awo.

"Mwandiphera galimoto!" mkamwini anakuwa asanapereke n'komwe moni. "Utsi wabuluu msewu wonse, kulira ngati galu wopondedwa. Munathiramo oyilo wa malole!"

"Akamwini, tsitsani mawu. Tione kaye."

"Muone chiyani? Maso ake ati? Mwakalamba, Bambo, vomerani. Zinthu zamakono zakupitirirani."

Dalaivala wina anatsokomola. Wina anayang'ana minibasi yake imene inali pa jeke, n'kuyang'ananso a Sipanala. Mkamwini anakwera galimoto imene inakoka kagalimotoko, nati adzatumiza anthu odziwa ntchito Lolemba.

A Sipanala sanadikire Lolemba. Madzulo omwewo anamasula tebo n'kuiika pa benchi, pa nsalu yoyera. Ataitsegula, mkwiyo unayamba wawachokera. M'kati munali kagudumu kosaposa chivindikiro cha botolo la mankhwala, ka timapiko topyapyala ngati zikhadabo, tonse topindika mofanana ndendende. Anakayang'ana pa kuwala kwa pazenera nthawi yaitali. Anali atamva kuti kamazungulira maulendo zikwi zambiri munthu asanaphethire kawiri, osakhudza chitsulo chinzake, katangoyandama pa oyilo wochepa ngati thukuta. Ndani anakhala pansi n'kuganiza zimenezi? Anali ndi manja otani amene anakasula? Iwo anasiyira sukulu panjira, koma apa anamva ngati aima pakhomo pa nyumba yaikulu imene sadzalowamo.

Kenaka anamasula kapaipi kobweretsa oyilo ku tebo. Anapemereramo, mpweya osadutsa. Anatokosa ndi waya, ndipo munagwa timibulu takuda, touma gwa ngati makala. Zimenezo sizikanapsa m'masabata atatu. Unali oyilo wa miyezi yonse ija, wowotchedwa pang'onopang'ono tsiku lililonse pamene munthu wafika pa ofesi mothamanga, n'kuzimitsa, n'kuthamangira kukasaina. Kagudumu kokongola kaja kanafa ndi ludzu.

Lamlungu m'mawa anakulunga kapaipiko m'nyuzipepala, n'kukwera masitepe a nyumba yosanja kumene ankakhala ana awowo. Mkamwini anatsegula chitseko theka.

"Ndabwera ndi umboni, akamwini. Taonani umu. Awa ndi makala a oyilo wakale, osati wanga."

"Ndiye mwaimasulanso? Ndani anakutumani?"

"Tangoonani, ndapota nanu."

"Ine za zitsulo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti inkayenda bwinobwino mpaka tsiku limene munaigwira."

Kumbuyo kwake kunaima mwana wawo, atanyamula khanda paphewa. A Sipanala anamutambasulira nyuzipepala ija.

"Mama, iwe unakulira m'galaja. Unkandipatsira masipanala usanadziwe kuwerenga. Taona wekha."

Mwana wawoyo anayang'ana kapaipiko, ndipo bambo ake anaona pankhope pake kuti wamvetsa. Anayang'ana mwamuna wake. Kenaka anayang'ana pansi.

"Ababa, pitani kaye," anatero. "Mwana akufuna kugona."

Lolemba kunabwera anyamata a maovolosi oyera n'kukatenga kagalimotoko. Tebo yatsopano inadya malipiro a mkamwini a miyezi itatu, ndipo iye ankauza aliyense, ku ofesi ndi kwa abale, kuti imeneyo ndi mphatso imene anamupatsa apongozi. Madalaivala atatu mwa amene analipo Loweruka lija amakonzetsa maminibasi awo kwina tsopano. Mwana wawo sanapondenso m'galaja, ndipo mkamwini sanabweze mawu ake.