Anandifunsa Pamaso pa Alamu Anga

Ndinapita ku Rufunsa kukanena chinthu chimodzi chokha: kuti amuna anga, ba Mordecai, akufuna kukwatitsa mwana wathu Eliness kwa mwamuna wina wa lole ya makala. Mwanayo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ali giredi 8. Mwamunayo ndevu zinayamba kale imvi. Ankaima kawirikawiri pa Chinyunyu pomwe ndimagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ine n'kumati wakonda tomato wanga. Uchitsiru wanga umenewo.

Mbale zovundikira za ndalama zofunsira mbeta zinali zitafika kale pakhomo, ba Mordecai n'kuzilandira. Anapangana kuti mwana adzatengedwa sukulu ikatsekera mu Disembala. Apo n'kuti tili mu Okutobala. Ndinalira, ndinakana, ndinangouzidwa kuti mutu wa banja ndi mmodzi.

Mayi wina wa kutchalitchi ndiye anandinong'oneza kuti pali bungwe lina lomwe limatumiza mlangizi ku Rufunsa kawiri pa mwezi, Lachinayi. Ali ndi kachipinda kuseri kwa msika. Anati kumeneko umakamba zakukhosi ndipo amadziwa zitseko zogogoda.

Kunyumba ndinanena kuti ndikufuna uphungu chifukwa tulo sindikulipeza ndipo mutu sukundileka. Silinali bodza lonse. Ba Mordecai sanakane. Anangoti, "Nkhani za m'nyumba sizituluka popanda ankhoswe. Upita ndi ba Ketrina."

Ba Ketrina ndi mlongo wawo wamkulu, alamu anga, ndipo ndiwo anaimira mbali yachimuna pa ukwati wathu. Makolo athu anabwera nacho chimenechi kuchokera ku Katete: mkazi sanyamula yekha nkhani ya banja kupita nayo kwa anthu akunja. Ndikanakana bwanji? Ndinadzilimbitsa mtima kuti tikafika adzatsala pabenchi panja, monga zimakhalira kuchipatala. M'minibasi anandigulira mpaka chitumbuwa.

Mlangiziyo anali ba Constance, mtsikana waulemu wochokera ku Lusaka. Sindikumunenera zoipa ayi. Anatsegula chitseko, anatipatsa moni, ndipo ba Ketrina analowa patsogolo panga n'kukhala pampando wabwinowo. Ine ndinakhala pa wapulasitiki.

Ba Constance anatenga pepala. "Tisanayambe, amayi, ndiyenera kukuuzani za ufulu wanu. Choyamba, muli ndi ufulu wokamba ndi ine muli nokha." Anayang'ana ine, anayang'ana ba Ketrina, n'kubwereranso kwa ine. "Mufuna amayiwa akhale, kapena ayembekeze panja?"

Tamvani funso lake. Kundifunsa ine, ankhoswe anga ali pomwepo, ngati ndikufuna kuwaingitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Munthu amene anandilandira pa ukwati, amene anayamba kumusambitsa Eliness atangobadwa, amene ndidzakwera naye minibasi imodzi pobwerera. Ba Ketrina anangokonza chitenje pamaondo n'kundiyang'ana.

"Akhale," ndinatero. "Ndi alamu anga."

"Mwasankha nokha?"

"Inde."

Anachonga papepala paja n'kupitiriza. Anati tizikamba osapitirira ola limodzi. Anati ndikhoza kusiya tsiku lililonse, palibe wondikakamiza. Anati mbali yanga ndi kufika pa nthawi ndi kukamba zoona, ndipo ndisayembekezere mapilitsi kapena kuti iwo andisankhire zochita. Ndinkangogwedeza mutu.

Kenaka anafika pa chinsinsi. "Zonse zokambidwa muno zimathera muno. Koma pali zina zomwe sindiloledwa kubisa. Munthu akafuna kudzipha kapena kuvulaza mnzake, kapena mwana akakhala pangozi, kaya akumenyedwa, kaya akugonedwa, kaya akukwatitsidwa ali wamng'ono, ndiyenera kukanena ku boma ndi kupolisi."

Chimene ndinadzera ndi chimenecho, chinali chitagona pathebulo pomwepo, ine osatha kuchitola. Ndipo makutu m'chipindamo sanali anga okha.

"Wamng'ono ndiye kuti zaka zingati, mwanangu?" anafunsa ba Ketrina, mawu ozizira bwino.

"Aliyense wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu."

"Ndipo apolisiwo amafika mpaka kumudzi?"

"Amafika, amayi."

"Oho. Zikomo potiphunzitsa."

Ba Constance anamwetulira, kukondwa kuti munthu wamkulu akutsatira. Ine ndinasaina pomwe anandilozera, kenaka ndinakamba za mutu. Ola lathunthu, za mutu ndi tulo. Anandifunsa katatu ngati pali china chondisowetsa mtendere panyumba, katatu konse ndinati kulibe. Anandiphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa. Ndinaukoka, ndinautulutsa. Pomaliza anandipatsa kakhadi ka nambala ya foni, n'kuti ndibwerenso pakatha milungu iwiri. Ndinayesa kutsalira pakhomo ngati ndikumanga chitenje, koma ba Ketrina anaima pomwepo atandinyamulira chikwama.

Pobwerera, titatsika pa Chinyunyu, ba Ketrina sanalowere kwawo, analunjika kudimba komwe kunali ba Mordecai. Ndinaona ndi maso angawa, koma ndinadzinamiza kuti Disembala ali kutali, ulendo winawo ndidzazemba ndekha. Chimenechi ndiye chimandidya mpaka lero. Nambala ndinali nayo m'chikwama Lachisanu lonse.

Loweruka ndinalawirira kumsewu ndi tomato monga mwa masiku onse. Eliness ndinamusiya akuchapa. Pobwera masana ndinapeza yunifolomu ili pachingwe, ikadali yonyowa, beseni lili pansi ndi madzi ake. Mayi woyandikana nafe anandiuza akuyang'ana kumbali kuti lole inabwera cha m'ma 10, inadzera njira yakuseri kuti isadutse pomwe ndimakhala.

Ba Mordecai anali pamthunzi ndi mlongo wawo. "Mwana wapita kunyumba kwake," anatero. "Iwe unkafuna kutiitanira apolisi pakhomo pano."

"Mlamu, musatione ngati oipa," anawonjezera ba Ketrina. "Tangofulumiza kuti pasalowe manyazi."

Zomwe ndinawayankha sindingazibwereze pano. Ndinathamangira kumsewu, ndinabwereka foni kwa mnzanga wogulitsa naye, ndinaimba. Ba Constance anati tikumane Lolemba m'mawa, ngakhale silinali tsiku lawo.

Lolembalo ndinalowa ndekha, n'kukhuthula zonse. Anandimvetsera atagwira pakamwa. Nditamaliza anati, "Koma amayi, bwanji simunanene tsiku lija? Ndinakufunsani ngati mufuna kukhala nokha."

"Munandifunsa, inde," ndinatero. "Mukanangowauza alamu anga kuti lamulo la muno ndi lakuti munthu amalowa yekha, akanatuluka ndi ulemu wawo, wolakwa panalibe. Koma inu munandisenzetsa ine kuti ndiwathamangitse ndi pakamwa panga. Kenaka n'kuwawerengera zonse za apolisi. Kwanu mumatha kuuza ankhoswe kuti tulukani?"

Maso a ba Constance anali atafiira. Anatsegula kabati n'kutulutsa fomu ina, nati tiidzaze msanga tipite nayo kupolisi limodzi, mwana akhoza kupezeka. Dzina la mwana ndinapereka, zaka ndinapereka, sukulu ndinapereka.

"Dzina la mwamunayo?"

"Timangoti ba Dalaivala."

"Amakhala kuti?"

"Ku Lusaka."

"Komboni iti?"

Ndinapukusa mutu.

"Nambala ya galimoto?"

Cholembera chinaima pamwamba pa pepala, akundidikira. Ndinafufuza m'mutu monse. Za munthu amene wagona ndi mwana wanga masiku awiri tsopano, chomwe ndinkadziwa n'chakuti lole yake ndi yabuluu.