Thonje la Zuze Silinazulidwe

1.
Zulani, mayi Malita, akutero alangizi ataima m'mphepete mwa munda wanga. Lamulo mukulidziwa. Tikatha kutola thonje, mitengo yake timazula n'kutentha kuti mbozi zisowe pobisala.
Ndamva, bambo. Mawa.

2.
Mawa.

3.
Analibzala ndi mwamuna wanga Zuze, mizere makumi anayi yowongoka ndi chingwe, anapatulira yekha, tinapalira awiri, ndiye mu Malichi thonje lili maluwa okhaokha tinamuika m'manda, mphuno zake atazitseka ndi thonje la kuchipatala loyera mbee kuposa lathu, ine n'kumati ha, mlimi wa thonje zaka makumi awiri mpaka kupita ndi la eni ake

4.
Zimene thonje limafuna, malinga ndi alangizi:
mvula yoyamba
mbewu yabwino
kupatulira
kupalira
mankhwala
mankhwala
mankhwala.
Wosenza mpope wa mankhwalawo kumsana sanamutchule.

5.
A Dzimbiri, amene tinachita nawo malire a munda, andipeza pachitsime.
Mlamu, chikondi chanu tachiona ndithu. Koma mbozi zanuzo zikawolokera kwanga, ana anga adzadya chikondicho? Loweruka tikubwera a kalabu yonse ya alimi ndi makasu.
Ndamva, alamu. Mawa.
Mawa lanulo latikwana, mlamu.

6.
Dzuwa likafika paliwombo mkazi wa Zuze amapita kumunda yekha. Amakhala pansi pakati pa mitengo youma, n'kudikira. Pa mzere wachisanu ndi chitatu pamamveka munthu akuuzira kanthu ndi pakamwa.
Fuu.
Fuu.
Musandiuze za mphepo. Mphepo ya ku Ngabu ndikuidziwa ine, ndinabadwira momwemo.

7.
Loweruka. Makasu khumi ndi awiri. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pofika wachisanu ndi chitatu ndakuwa, amayi awiri andigwira. Utsi.
Limbani mtima, anzathu, akutero mkazi wa a Dzimbiri uku akundisisita kumsana. Mwamuna munkamukonda inu.

8.
Iwe Zuze, auze ndiwe, ine pakamwa pandilemera.
Auze kuti tsiku lija kakamwa ka mpope katatseka unauvula kumsana, unati upite ukakatsuke kumadzi monga alangizi anatiphunzitsira. Auze amene anakalipa kuti aaa, mpaka kumtsinje, ingouzirani ndi pakamwa, amuna anzanu amatero, mbozi sizidikira munthu. Unandiyang'ana. Unauzira kawiri. Kachitatu kanatseguka, mankhwala onse m'kamwa, m'mphuno, m'maso, ndipo unaseka, unati zowawa bwanji.
Chikondi, akutero awa. Ndi mantha, Zuze! Ndinasiya mitengo ija chiimire kuti ukhale ndi pokhala, uziuzira konkuno kutali ndi khomo langa.
Taona, pangotsala phulusa. Anthu anyamula makasu awo, akuti tiyeni kumudzi, mayi Malita.
Nanga iwe upita kwa yani?